Tsiku Lobadwa la a Wachiwiri

Pa fakitale ya matiresi panalibe amene ankawatchula dzina. Aliyense ankangoti a Wachiwiri, chifukwa anakhala wachiwiri kwa manijala kuyambira kalekale, mamanijala akubwera ndi kupita, iwo ali pomwepo ngati chitsa cha pakhomo. Kutchalitchi anali wachiwiri kwa mlembi. Mu komiti ya makolo anali wachiwiri kwa wapampando mpaka ana awo onse anamaliza sukulu. Amiseche ankati ngakhale kunyumba udindo wawo unali womwewo.

Eni ake sankadandaula. Anali munthu wamfupi, wadazi, wokonda tayi ngakhale kunja kukuwotcha, ndipo pa msonkhano uliwonse yankho lawo linali limodzi: "Monga anenera bwana." Ofesi yawo inali kachipinda koyang'anizana ndi makina odulira siponji. Fumbi la siponji linkagwera pa desiki tsiku lonse, iwo n'kumalipukuta ndi kansalu kamene ankakapinda bwinobwino asanakabwezere m'dirowa.

Zinthu zinasokonekera Lamlungu lina masana, kutatsala mwezi kuti akwanitse zaka makumi asanu ndi limodzi. Mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino, anabwera ndi mwamuna wake kudzakambirana za phwando. Mkamwiniyo ankagulitsa inshulansi, ndipo sankatha kukhala chete pamaso pa munthu amene akufuna kumusangalatsa. Atatha kudya anatulutsa foni.

"Bambo, kodi mukuwadziwa anthu amene munabadwa nawo tsiku limodzi?"

"Ndiwadziwa bwanji? Ine ndinali khanda."

"Ayi, ndikunena deti, zaka n'zosiyana. Tamverani."

Mkamwini anayamba kuwerenga. Pa deti limenelo kunabadwa mkulu wa asilikali wa dziko lina lakutali amene anagonjetsa mafumu asanamere n'komwe ndevu. Kunabadwanso dokotala amene anapeza mankhwala a nthenda ina yopulula anthu, komanso mayi wina woyimba amene mawu ake ankaliza ngakhale apolisi. Pa deti lomwelo dziko lina linalandira ufulu, ndipo anthu ena anafika pamwamba pa phiri limene panalibe anali atalikwerapo.

A Wachiwiri anavala magalasi, n'kulandira foniyo ndi manja awiri. Anayang'anitsitsa chithunzi cha mkulu wa asilikali uja kwa nthawi yaitali.

"Ali ndi dazi," anatero motsitsa mawu.

"Lenileni, bambo. Ngati lanu lomweli."

Akazi awo, amene ankachotsa mbale patebulo, anasuzumira pafoniyo n'kuyendetsa chala.

"Nanga awa a m'munsiwa mwawasiyiranji? Apa akuti sitima inamira ndi anthu onse. Apa chivomezi. Apa kunabadwa mtsogoleri wina amene ankatsekera anthu m'ndende chifukwa choseka chipewa chake."

"Zimenezo zinachitika masana, mayi. Ine ndinabadwa m'mawa."

"Anakuuzani ndani?"

"Zimadziwika zokha."

Kuyambira Lolemba lake, a Wachiwiri anayamba kuyenda manja ali kumbuyo. Pageti anaimitsa mlonda n'kumulamula kumanga batani la kukhosi. Nthawi ya nkhomaliro sankadyeranso mu ofesi. Ankapita pansi pa shedi pamene ogwira ntchito ankadyera, n'kuyamba ndi mawu akuti "ife."

"Ife obadwa pa tsiku limenelija sitichedwa kupsa mtima, koma tikapsa mtima mafumu amathawa."

Poyamba anthu ankaganiza kuti akunena za banja lawo. Anazindikira pambuyo pake kuti "ife" ndi iwowo, mkulu wa asilikali, dokotala ndi mayi woyimba uja. Munthu akatsokomola pafupi nawo ankamuuza kuti atulutse lilime. Posamba ankayimba mokweza mpaka galu wa aneba n'kuyamba kuvomereza.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," akazi awo anawauza tsiku lina akuwasitira malaya.

"Nsanje, mayi. Tayang'anani deti lanu muone. Mupeza kuti kunabadwa ogulitsa tomato okhaokha."

Sabata yotsatira manijala anapita kumsonkhano kutali, n'kuwasiyira makiyi monga mwa masiku onse. Kale zikatero a Wachiwiri ankangokhala phee, aliyense wobwera ndi nkhani n'kumuuza kuti adikire bwana. Ulendo uno anakhala pampando wa manijala, anauzungulitsa kawiri katatu, kenako anaitana kapitawo.

Mkamwini anali atawawerengera kuti mkulu wa asilikali uja ankagona pa thabwa ngakhale ali m'nyumba yachifumu. Choncho a Wachiwiri analamula kuti fakitale ipange matiresi atsopano: thabwa pakati, kasiponji kopyapyala pamwamba ndi pansi, nsalu yobiriwira. Dzina lake Msilikali.

Kapitawo anakanda m'mutu. "Bwana, pepani, koma anthu amagula matiresi pothawa thabwa."

"Ndiye chifukwa chake sitikutukuka. Mtundu wogona pofewa sungagonjetse munthu."

"Nanga timufunse kaye bwana wamkulu?"

"Ukuyankhula ndi ndani panopa?"

Kapitawo anali ndi ana kusukulu, choncho anangopita kukayatsa makina. Makina analira, misomali inakhomedwa, ndipo pofika Loweruka mbali imodzi ya nyumba yosungira katundu inali itadzaza ndi Msilikali mpaka kudenga. A Wachiwiri anatengako imodzi kupita nayo kunyumba. Akazi awo anagonapo kamodzi kokha, kutacha anasamukira m'chipinda chimene namwino ankagona ali mtsikana.

"Inu gonjetsani mafumu, bambo. Ine msana ndili nawo umodzi."

Eni ake anapirira. Khosi linauma, moti munthu akawapatsa moni chakumbali ankatembenuka thupi lonse pang'onopang'ono. Iwo ankati ndi mmene atsogoleri amatembenukira.

Manijala anabwerera kutatsala masiku ochepa kuti phwando lichitike. Anali munthu wofatsa, wodana ndi mikangano. Anaima m'nyumba yosungira katundu, anagogoda Msilikali imodzi ndi chala, inalira ngati chitseko. Anangoti, "Tikambirana phwando likadutsa."

Phwandolo linachitikira mu holo ya sukulu ina. Kukhoma lakutsogolo mkamwini anakhoma zithunzi zikuluzikulu: mkulu wa asilikali kumanja, dokotala kumanzere, mayi woyimba chapambali, phiri pamwamba, ndipo pakati penipeni, chachikulu kuposa zonse, cha a Wachiwiri atagwira chibwano. Kunabwera a kufakitale, a kutchalitchi, aneba, ndi manijala amene anamukhazika patebulo lapamwamba. Kuchokera kumudzi kunabwera anthu awiri pa basi: kalipentala wina amene anaphunzira nawo kalasi imodzi ali ana, ndi achemwali awo aakulu, mayi wokalamba woyendera ndodo, amene anawabereka kumsana ali khanda. Makutu a achemwaliwo anali atayamba kugontha, n'chifukwa chake ankayankhula ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje.

Achemwaliwo a Wachiwiri anawaitanitsa dala. "Amenewa ndi mboni yoona ndi maso," anauza mkamwini. "Ndikatha kuyankhula ine, uwapatse maikolofoni afotokoze zizindikiro zimene zinaoneka tsiku lija."

Nthawi itakwana, a Wachiwiri anayankhula mpaka mpunga unazizira. Anafotokoza nkhondo zonse za mkulu wa asilikali ngati anali kumunyamulira chikwama. Anati Mulungu sachita zinthu mwangozi, ndipo akasankha tsiku amalisankhiratu. Anati pa moyo wawo wonse akhala akudziletsa, kulola ena kukhala patsogolo, monga mkango umene umayenda kumbuyo kwa ana ake. Apa manijala anayang'ana m'kapu yake. Pomaliza anthu anawomba m'manja mwamphamvu, chifukwa cha njala.

Mkamwini anapereka maikolofoni kwa achemwali. Iwo anaigwira ngati chinangwa chotentha, n'kuiyandikizitsa kukamwa.

"Ndamva kuti lero ndi tsiku limene anabadwa Kamimba."

Holo yonse inaphulika ndi phwete. Panalibe amene ankadziwa kuti a Wachiwiri anakhalapo Kamimba.

"Tinkamutcha choncho chifukwa miyendo inali ngati ya udzudzu, koma apa," anadzisisita pamimba. "Tsono ine ndakhala apa ndikumvetsera, ndipo ndikudabwa. Anakuuzani ndani kuti ndi lero?"

"Achemwali," a Wachiwiri ananong'ona, "nenani za zizindikiro."

"Wati chiyani?"

"Zizindikiro!"

"Ndikubwera komweko. Taonani panja, anthuni. Fumbi lokhalokha, masamba agwa. Mlongo wangayu anabadwa mvula ili pakati, nkhuku zitakwera pamtanda pothawa madzi. Tsiku la leroli ndi la ahedi a kusukulu."

Anthu onse anatembenukira kwa achemwali. Ngakhale ana anasiya kulimbirana mabotolo.

"Amayi anandituma ine kuti ndikamulembetse sukulu. Tafika, ahedi andifunsa kuti mwanayu anabadwa liti. Ine ndati nthawi ya mvula. Iwo akuti mvula si deti. Ndati nanga ine ndidziwa bwanji, kwathu kulibe kalendala. Ndiye anangolemba tsiku lawo lobadwa iwowo. Anali munthu wabwino, sankaumira. Mwana aliyense wobwera wopanda deti ankamugawira lawo."

Kumbuyo kwa holo kalipentala anaimirira, fupa la nkhuku lili m'manja.

"Akunena zoona amayiwa! Nanenso pa chiphaso changa pali tsiku lomweli. Ine ndimayesa mwandiitana kuti tikondwerere limodzi, achimwene, n'chifukwa chake ndavala jekete. Theka la kalasi yathu linabadwa lero. Ngakhale uja anamangidwa chifukwa choba mbuzi za abusa, naye ndi mnzathu."

Anthu anayesa kudzigwira, koma mayi wina wa kukwaya anatsamwa ndi chakumwa, ndipo kutsamwa kwakeko kunamasula onse. Kapitawo anabisa nkhope m'chipewa, mapewa okha akugwedezeka.

Achemwali anaona ngati anthu akusangalala ndi nkhani yawo, ndiye anapitiriza.

"Ndipo zaka zimene mwalemba pa kekeyo n'zochepa. Uyu anachedwa kuyamba sukulu, ankaopa atsekwe a panjira. Ahedi atamuona kufupika anati timuchotsereko ziwiri kaya zitatu, asachite manyazi pakati pa anzake."

Manijala anaika foloko pansi n'kupukuta pakamwa mosamala kwambiri.

Mkamwini anathamangira kwa woyimbitsa nyimbo kuti akweze chilichonse chimene chili pafupi. Namwino anayatsa makandulo msangamsanga n'kukankhira keke pamaso pa bambo ake. Koma a Wachiwiri anangoima, khosi lili gwa, akuyang'ana makandulowo ngati ngongole ya munthu wina. Phula linayamba kudontha. Kalipentala anabwera kutsogolo, anapukuta manja pa jekete, n'kuwazimitsa onse ndi mpweya umodzi. Anthu anamuyimbira iyeyo.

Akazi awo anatenga mpeni. "Keke ilibe mlandu," anatero, n'kuyamba kugawa.

Lolemba manijala anaitanira a Wachiwiri mu ofesi yake, anawapatsa mpando ndi tiyi. Anayankhula mokoma kwambiri. Anati kampani ikuthokoza chifukwa cha zaka zonse zimene agwira, kuphatikizapo ziwiri kaya zitatu zimene akanayenera kukhala akupuma kale. Anati munthu wotere si womusunganso ngakhale sabata imodzi. Ndipo anati akuluakulu a kampani aganiza zowapatsa mphatso yoti azikumbukira nayo ntchito ya manja awo.

A Wachiwiri anatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka anali akale aja: "Monga mwanenera, bwana."

Mphatsoyo inafika pa lole tsiku lotsatira. Anali matiresi onse a Msilikali. Anadzaza khonde, chipinda cha alendo ndi theka la bwalo, moti popita kokayanika zovala munthu ankayenda chammbali. Amene anakondwa ndi kalipentala yekha, yemwe anali asanabwerere kumudzi. Anabwereka mpeni wa kukhitchini n'kuyamba kung'amba nsalu zobiriwira zija.

"Matabwa abwino awa, achimwene! Mwawabisiranji m'siponji? Apa patuluka mashelefu, mabenchi, ngakhale mabokosi a maliro. Ife obadwa tsiku limodzi tiyenera kuthandizana."

A Wachiwiri anangomusiya ang'ambe. Masiku amenewo sankayankhula ndi munthu. Ankakhala pakhonde atavala tayi, opanda kopita, akuyang'ana msewu kudzera pampata wa pakati pa milu iwiri ya matiresi. Mkamwini anasiya kubwera, ankangotumiza moni kudzera kwa namwino. Achemwali okha ndi amene sankadziwa kuti alakwa. Ankadya bwino, kugona bwino, n'kumauza aliyense kuti phwando la Kamimba linali lokoma koma nkhuku inali yolimba.

Tsiku loti achemwali abwerere, a Wachiwiri anapatsidwa chikwama cha mlendoyo m'manja ndi akazi awo.

"Aperekezeni kudepoti. Anakuberekani kumsana amenewa. Musawasiye apite ngati munthu wodzagulitsa makala."

Basi inachedwa kudzaza. Awiriwo anakhala pabenchi pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi, chikwama chili pakati pawo. Kondakitala ankakuwa, injini inkalira osanyamuka. Patapita nthawi a Wachiwiri anayandikira khutu la achemwali awo.

"Ndiye palibe chilichonse chimene chinachitika tsiku limene ndinabadwa?"

"Wati chiyani?"

"Tsiku lenilenilo! Panalibe chimene chinachitika?"

"Iii, chinachitika chambiri, iwe. Bwanji sunandifunse?"

Anatsamira ndodo yawo n'kuyamba kufotokoza. Mvula inali itagwa osakata, denga likudontha paliponse, mbale zonse zili pansi kutchera madzi. Amayi awo atayamba kumva kupweteka, abambo awo anathamanga kukatenga azamba kutsidya la kamtsinje. Popita anawoloka bwinobwino pa kamlatho ka mitengo iwiri. Pobwera anapeza kamlathoko kapita ndi madzi. Azambawo anali mayi wonenepa, wolusa, ndipo anakana kunyowetsa nsalu yawo yatsopano. Abambo awo, munthu wowonda ngati bango, anawabereka kumsana n'kulowa nawo m'madzi ofika m'chifuwa, azamba akuwamenya m'mutu ndi ambulera kuti ayende bwino.

"Pofika kunyumba anapeza iwe wafika kale. M'nyumbamo tinalimo awiri, ine ndi amayi. Ine ndinali kamtsikana, koma amayi anati gwira apa, ndinagwira. Sunalire, iwe. Tinkayesa wapita. Amayi anakutembenuza, anakusisita kumsana, akuitana mayina a anthu onse akufa a kwathu. Kenako unayetsemula. Kamodzi kokha, ngati mphaka. Abambo atalowa, madzi ali chuchuchu, nsapato imodzi itapita, anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kulira iwowo m'malo mwako."

A Wachiwiri anavula magalasi. Anawapukuta ndi nsonga ya tayi kwa nthawi yaitali, akuyang'ana kumbali. Bambo awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo chimene ankakumbukira chinali chifuwa chawo chokha, mmene ankatsokomolera m'mawa. Sankadziwa kuti munthu ameneyo anawolokapo mtsinje chifukwa cha iwo.

Kondakitala anamenya basi ndi chikhatho. A Wachiwiri anakweza chikwama, anathandiza achemwali kukwera, n'kuwapezera mpando wa pawindo. Atatsika anaima pansi pa windolo. Basi itayamba kusuntha anagogoda galasi.

"Achemwali! Mwati mlatho unagwa?"

"Kamlatho, iwe! Mitengo iwiri!"

"Koma unagwa?"

"Unagwa!"

Anabwerera kunyumba wapansi, ndipo pofika pa kona ya msewu wawo manja anali atabwerera kumbuyo. Aneba anali akuthirira maluwa. A Wachiwiri anaima pampanda n'kuwauza kuti tsiku limene iwo anabadwa mtsinje unasefukira, mlatho unagwa, ndipo dera lonse linakhala losafikirika. Kwa ometa tsitsi, tsiku lotsatira, mlathowo unali wa simenti. Lamlungu kutchalitchi unali ndi zipilala zachitsulo, ndipo bambo awo anawolotsa azamba awiri, mmodzi kumsana, wina paphewa.

A Wachiwiri anaitanitsa mkamwini. Iye anabwera mwamantha, atanyamula zipatso ngati akukaona wodwala, koma anapeza apongozi ake ali pakhonde, nkhope ili ngwee.

"Khala apa. Zija unandiwerengera zija amalemba ndani?"

"Anthu basi, bambo. Aliyense wodziwa mbiri."

"Ndiye alemba zosakwanira. Za mlatho mulibe. Ulembemo."

"Afuna deti, bambo."

"Deti la chiyani? Lemba kuti nyengo ya mvula. Yonse. Ndipo uyang'anenso amene anabadwa miyezi imeneyo, kuyambira mvula yoyamba mpaka yomaliza, undiwerengere. Aja anali atatu okha. Apa tipeza gulu."

Mkamwini anayang'ana apongozi ake aakazi kuti amupulumutse. Iwo anali pa mpando wawo pafupi ndi chitseko, akusoka pilo ndi siponji yotsala ya kalipentala, ndipo sanadzutse mutu.

"Mayi," a Wachiwiri anawaitana, "mlatho waukulu ngati umene uja, ungakhale wopanda njanji?"

"Ikanipo njanji, bambo," anayankha akudula ulusi ndi mano. "Sitima tiigwetsa mawa."